Makona a Pachidikha

Dziko lathu ndi chilumba. Ndi lalitali, lopyapyala, ngati chinangwa chogwera m'madzi. Msewu waukulu ndi umodzi basi. Umayambira kudoko, umakathera kunsanja ya nyali yolondolera zombo kumapeto enawo. Ina yonseyo ndi tinjira.

Ine ndinabadwira pamene msewuwo umayambira. Mwana wa m'tauni. Khasu sindilidziwa. Mayina a mitengo sindiwadziwa. Chimene ndinkadziwa ndi kulira kwa malole. Ndinkatha kunena ndili chitsinzinire kuti iyi yasenza mchere, iyi nzimbe, iyi ikubwerera yopanda kanthu.

Amayi ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi doko. Bambo sindinawaone. Dzina lawo anali a Gwirize. Anali m'gulu la anthu amene anakumba msewuwo ndi mapiki, nthawi ya kampani ya azungu a nzimbe. Anafera kuntchito komweko, ine ndili m'mimba. Munthu wina anabwera ndi chipewa chawo. Anati tawaika pa mwala wa 61 wa pamsewu. Anamwa madzi, n'kumapita. Amayi sanapiteko. Poyamba inali mimba, kenako khanda, kenako zaka.

Chaka sindikuchikumbuka. Ndevu zinali zitayamba kutuluka. Tsiku lina masana Amayi anaimitsa makina.

"Iwe, tabwera kuno."

"Ndili pompano, Amayi."

"Miyendo yakoyi sikhala pansi. Ndiipatse ntchito. Ndikadzafa sindifuna manda a m'tauni muno, oika munthu pakati pa anthu osawadziwa. Ukandiike pambali pa bambo ako."

"Mukudwala kodi?"

"Ndikudwala chiyani? Ndikuti kapeze malowo ndidakali moyo. Ndikawaone ndi maso angawa."

"Mwala wa 61 basi? Mawa lomweli ndabwerako."

Anandiyang'ana. Anapondanso makina.

Ndinakwera lole yopanda katundu. Tauni itatha, kunayamba madambo a mchere, oyera mbee mpaka kumene maso amalekezera. Nyanja inali kumanzere. Kenako inasowa. Kenako inatulukira kumanja. M'mbali mwa msewu munali miyala yopaka laimu, uliwonse ndi nambala yake. Ndinkawerenga mokweza ngati mwana wa sukulu.

Mwala wa 61 unali pakhomo pa chigayo. Pansi pouma gwa. Nkhuku zikutola gaga. Ndinazungulira kawiri. Amayi ena anatula dengu n'kumandiyang'ana.

"Achimwene, mwataya chiyani?"

"Ndikufuna manda."

"Manda? Pachigayo?" Anaitana anzawo kuti adzamve nawo. Atatha kuseka anandimvera chisoni. "Mwala umenewu ndi mlendo kuno. Wabwera chaka chatha chomwechi. Kafunseni amene anaubweretsa."

Anali a Kamphonje, bambo woonda, mikono yoyera ndi laimu mpaka m'zigongono. Ankayenda ndi njinga, chitini kumbuyo, bulashi m'thumba la malaya. Ntchito yawo inali miyala ya msewu wonse.

"Bambo akowo anamwalira liti?"

"Nthawi ya kampani."

"Ndiye anali mailosi amenewo, mphwanga. Awa ndi makilomita. Mwala wa bambo ako uli kutsogolo, kutali."

"Ndiye tiwerengetse, tipeze."

"Werengetsa. Koma udziwe kuti doko linasamuka. Pamene ankayambira kuwerenga kale, lero ndi madzi okhaokha. Chinanso, msewu aufupikitsa kangapo. Akadula kona imodzi, miyala yonse ya kutsogolo imasuntha. Woisunthayo ndine."

"Nanga miyala yakale ili kuti?"

"Ina ili m'makalavati. Ina azimayi amachapirapo."

Sindinabwerere tsiku limenelo. Ndinati munthu woyenda ndi miyala adzandifikitsa. Ndinayenda nawo nyengo zingapo. Anandiphunzitsa kuthira mchere m'laimu kuti asayoyoke. Anandiphunzitsa kulemba nambala ndi kachitsulo kobooleratu, kugwedeza mwala usanauzule, kuupondera dothi ukauimika. Poyenda ankandiuza za msewu. Poyamba kanali kanjira ka osenza mchere, munthu mmodzi kutsogolo, wina pambuyo. Kampani inakakulitsa kuti ngolo za nzimbe zizifika kudoko. Kenako inakapitiriza kukwera phiri, kutsika kuchidikha, mpaka kunsanja. Azungu atapita, boma lathu linathira miyala. Tsopano kunkabwera phula, kuchokera kudoko, chaka chilichonse kachigawo.

Matauni a pamsewuwo amafanana ngati ana a mimba imodzi. Chigayo. Tiyirumu ya chitseko chobiriwira. Galu wogona pansi pa thanki. Mmawa wina ndinkadzuka osadziwa kuti ndili iti. Paliponse ndinkafunsa za manda a anthu a kampani. Achinyamata ankapukusa mutu. Akuluakulu ankayang'ana kumsewu, n'kuyamba nkhani ya mvula.

Bondo la a Kamphonje litatupa, anandipatsa bulashi. Anakwera ngolo ya nzimbe kupita kwawo. Sindinawaonenso. Miyala ndinaipaka ndekha mpaka laimu atatha.

Ndinabwerera kudoko. Amayi anali pakhonde pomwepo, akusoka yunifolomu ya mwana wa munthu.

"Wapapeza?"

"Ayi."

"Wadya?"

Ndinadya. Ndinagona masiku atatu. Lachinayi ndinamva lole ikusintha giya pokwera kuchoka kudoko. Ndinanyamuka.

Ulendo uno ndinalowa m'gulu la oyeza msewu. Ndinamva kuti amasunga mapu akale a kampani. Analipodi, m'bokosi lachitsulo. Chiswe chinadya pakati ponse, n'kusiya doko ndi nsanja.

Ndinakhalabe nawo. Ntchito inandikomera. Ndinkaima patali ndi ndodo yamizeremizere, woyeza akundisuzumira m'makina ake. Dzanja lake likati kumanzere, ine kumanzere. Likagwa pansi, ndikhome chikhomo. Zikhomo zikatha, timange chingwe. Pambuyo pathu katapila. Pambuyo pa katapila phula, lakuda, laulesi, losabwerera.

Tinali m'dziko la nzimbe. Pansi pathyathyathya ngati tebulo. Koma msewu wakale unkachita zachilendo. Ukuyenda bwinobwino, mwadzidzidzi wakhota, walambalala kamalo kosaposa bwalo la nyumba, wabwereranso pamzere wake. Phiri palibe. Chithaphwi palibe. Ngakhale chulu.

"Anthu akalewa ankakumba ataledzera," ankatero woyeza.

Tinkaseka. Tinkawongola. Ine ndinkanyadira chingwe changa chikaima njo kudutsa pakati pa kamalo kotere.

Pa kona ina panabwera nkhalamba itavala jekete. Inaima m'kati mwa konayo, chipewa m'manja, kuyambira mmawa. Sinanene kanthu. Katapila itayandikira, inapatuka yokha. Pa kona ina panabwera amayi awiri ndi mbale yovundikira. Anakhala pansi, osadya, osalankhula. Madzulo anapita nayo mbale yawo. Pa makona ena sipankabwera munthu. Tinkati anthu akumudzi amakonda kuonerera makina.

Ndinawongola makona asanu ndi anayi. Ndinkawawerenga monga mlenje awerengera nyama.

Pa phiri oyeza anaima. Mvula inali itagumula msewu, ndipo ntchito ya kumeneko inali ya zaka. Ndinatsala ndi oswa miyala. Kukhala pansi, mwala pakati pa miyendo, hamala m'dzanja. Mwala uli ndi mtsempha wake. Ukaupeza, kamodzi kokha wang'ambika. Ukauphonya, umenya mpaka dzuwa kulowa.

Pamwamba pa phiripo panali tiyirumu. Chitseko chobiriwira. Mwini wake anali Elube, mkazi wa mawu ochepa ndi tiyi wambiri. Poyamba ndinkangomwa tiyi. Kenako ndinamukonzera denga. Kenako malaya anga anayamba kuoneka pachingwe chake. Kuchokera pakhomo pake nyanja inkaoneka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo mitambo inkalowa m'nyumba ngati mbuzi. Ndinakhala. Zaka zingati, sindikudziwa. Mtengo wa mapeyala umene tinabzala unayamba maluwa.

Tsiku lina tikudya, Elube anaika supuni pansi.

"Ndakufunsani katatu ngati mchere wakwana."

"Wakwana."

"Simukundimva ine. Mukumvera lole ili kumunsi uko. Chibwerereni, khutu limodzi lili pamsewu."

"Ndili ndi ntchito ya Amayi. Ndinakuuza."

"Munandiuza. Ndiye mukuichita liti? Kuno manda kulibe, kuno kuli ine. Mukakhala, khalani. Mukapita, pitani miyendo idakali yanu."

Anandikulungira masikono anayi m'pepala. Sanatuluke kudzandiperekeza.

Ndinatsikira kaye kudoko. Sitolo inali itasintha mwini. Amayi anali pakhonde, singano m'dzanja, ulusi ukuphonya diso la singanoyo. Ndinawalowetsera.

"Wapapeza?"

"Ayi."

"Ndamva unakwatira kuphiri."

"Zinatha."

"Hmm." Anasoka pang'ono, mzere wokhota. Anauphwasula. "Ine sindikufulumira. Koma thupi ili silifunsa kwa ine."

Kuseri kwa phiri kuli chidikha cha mitengo ya kokonati. Phula linali lisanafikeko. Msewu unali uja wakale, wafumbi, wofiira. Kunkayenda basi imodzi, kuchoka patsinde pa phiri kukafika kunsanja, n'kubwerera. Ndinalembedwa ukondakitala. Dalaivala anali a Chikwekwe, bambo wamfupi, wonenepa, wokhalira pilo kuti aone kutsogolo. Nzimbe sinkachoka pakamwa pawo.

Malo a kondakitala ndi kuchitseko cha kumbuyo. Kukweza madengu a nsomba, kutsitsa njinga, kumenya bodi kuti tizipita. Ndinkamva hutala ikulira kamodzikamodzi pamalo opanda munthu, opanda mbuzi. Ndinkati ndi matenda a madalaivala.

Tsiku lina kunagwa mvula yamawawa. Okwera anali ochepa. Ndinapita kutsogolo kukakhala pa injini kuti ndimve kutentha. Msewu unakhota pachidikha, monga unkachitira kunzimbe kuja. A Chikwekwe anachepetsa liwiro. Pi!

"Tadutsa nawo, a Sandalamu."

Ndinayang'ana panja. Udzu wokha. Tinayenda. Kona ina. Pi!

"Tadutsa nawo, a Juwawo."

"Mukupatsa moni ndani, adalaivala?"

"Eni malo."

Mitengo ya kokonati inadutsa, yambiri, yofanana. Kenako kona ina, yaing'ono, yozungulira bwino. Pi!

"Tadutsa nawo, a Gwirize."

"Imani."

"Palibe wotsika pano."

"Ndikutsika ine. Amenewo ndi bambo anga."

Anaponda buleki. Madengu anagubuduka. Kumbuyo mayi wina anakuwa.

"Adalaivala, nsomba zanga zikuwola! Mwaima pathengo kuti tigule chiyani?"

"Zinawola kale, mayi, tonse tikuzimva. Dikirani."

A Chikwekwe anatsika nane. Anataya nzimbe. Tinaima m'kati mwa konayo, mvula ikutinyowetsa pang'onopang'ono. Panalibe mtumbira. Panalibe mtanda. Udzu, ndi msewu ukuuzungulira ngati mkono.

"Malume anga anali kapitawo wa gululo," anatero. "Ndiwo anandipatsa mayinawa. Munthu akafa pantchito, kwawo kutali, dzuwa la kuno ukulidziwa. Kampani inkati kamuikeni kuthengo, pamsewu pasaoneke manda, azungu a ngolo angamadandaule. Anzake ankati kuthengo asowa, abale ake adzamupeza bwanji? Ndiye ankamuika pamzere penipeni, pamene msewu unayenera kudutsa. Piki yake pamwamba pake. Mzungu akagona masana, ankazula zikhomo n'kuzikhoma cha apo. Msewu umulambalale. Akadzuka n'kufunsa, malume ankati pali thanthwe pansi, bwana."

"Bwanji osangobzala mtengo?"

"Mtengo amadula. Mtanda umawola. Iwo ankati msewu palibe angaufafanize."

Ndinakhala pansi pamatope.

"Ine ndinawongola asanu ndi anayi. Kunzimbe."

"Ndi iwe? Chabwino." Sanakweze mawu. "Mayina awo ndili nawobe. Pokawatchulira ndiye palibe."

"Anthu ankabwera kudzaima pomwepo. Sananene kanthu."

"Anene kwa ndani? Poyamba ankaopa kampani. Kenako ankaopa kuti boma lifukula. Kenako anangozolowera kutseka pakamwa." Anayang'ana kuphiri. "Ntchito ya uko yatha, wamva? Oyeza atsika mwezi uno."

Hutala inalira. Mayi wa nsomba uja anali atafika pachiwongolero.

Basi ndinaisiya. Ndinapita patsinde pa phiri kukadikira oyeza. Anali ena, achinyamata, makina awo atsopano. Mkulu wawo anali injiniya wamkazi, Mayi Ntonya, wamtali, wa nsapato zazikulu, wosaseka pantchito. Atamva kuti ndinakhomapo zikhomo kunzimbe, anandilemba pomwepo. Imvi zinali zitayamba. Ankanditcha madala.

Makona awiri oyamba anapulumuka okha. Msewu watsopano unadzera patali, pofuna mlatho. Koma kuchokera pamlathopo mzere unabwerera mumsewu wakale, n'kulunjika njo pakati pa bambo anga.

Mmawa ndinakhoma zikhomo monga anandiuzira. Chimodzi chinalowa pakatikati pa udzu uja. Masana Mayi Ntonya anakakhala m'galimoto kudya. Ndinazula zikhomo zisanu ndi chimodzi. Ndinazikhoma motsata kona yakale. Ntchito inali yaukhondo.

Anatuluka, anasuzumira m'makina kamodzi kokha.

"Madala, tabwerani. Zikhomo zanga zamera miyendo?"

"Kapena ng'ombe, bwana."

"Ng'ombe zodziwa kugwira hamala?"

Anyamata a mapiki anaseka. Ine ndinavula chipewa.

"Pali bambo anga apa."

"Pati?"

"Apa. M'kati mwa konamu."

"Sindikuona mtumbira. Sindikuona mwala. Pepala langa likuti palibe manda kuchokera pamlatho mpaka kunsanja."

"Mtumbira wake ndi konayi."

Ndinawafotokozera zonse, monga a Chikwekwe anandiuzira. Anamvetsera manja ali m'thumba. Atatero anayenda okha kuzungulira konayo. Anaponda pansi ndi chidendene. Anayang'ana kumene msewu ukuchokera, anayang'ana kumene ukupita.

"Kusukulu tinkaseka makona amenewa," anatero. "Aphunzitsi ankatisonyeza ngati chitsanzo cha ntchito yoipa. Kunzimbe analiko angati?"

"Asanu ndi anayi."

"Wogwira ndodo anali ndani?"

"Ine."

Anatulutsa manja m'thumba.

"Sindingakhotetse msewu wa boma chifukwa cha nkhani ya dalaivala wa basi. Koma nthaka ndimayesa paliponse ndafuna. Anyamata, dzenje apa. Pang'onopang'ono. Mukafika m'chiuno, mapiki pansi, muzikumba ndi manja."

Anakumba. Dothi linali lolimba, lofiira. Ine sindinakumbe nawo. Ndinaima pamphepete. Dzuwa linapendeka. Mmodzi wa anyamatawo anasiya kuimba. Anapukuta dothi ndi chikhatho. Panaoneka chitsulo, chadzimbiri, chogonekedwa bwino chopingasa. Mutu wa piki. Mpini unatha kalekale.

"Basi," ndinatero. "Musapitirire."

Mayi Ntonya ananjuta pamphepete. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Kwirirani. Bwinobwino."

Anatenga buku lawo n'kulemba.

"Mwalemba chiyani, bwana?"

"Nthaka yofewa. Singapirire malole."

"Yofewa?" anatero mnyamata uja ali m'dzenje. "Mapiki amalira chonchi, madamu?"

"Injiniya ndiwe kapena ine? Kwirira." Anatembenukira kwa ine. "Mawa ndiyeza kona yatsopano, yoti basi izikhota osagwa. Ndikakhoma, ndakhoma, sindisinthanso. Katapila ifika pakatha masiku khumi. Ngati pali wina wofuna kuona malowa asanasinthe, kamutengeni."

Ndinapita kudoko. Pakhonde panali telala wina, mnyamata wa wailesi. Amayi ndinawapeza kuchipinda cha kuseri, atakhala pamphasa, atachepa ngati mwana. Ndinaima pakhomo. Anandiyang'ana kumaso, anandiyang'ana kumapazi. Sanafunse.

"Ndipatse nsapato zanga. Zili pansi pa bedi."

Tinakwera basi ya mmawa. Anakhala pawindo. Moyo wawo wonse anali asanapitirire pamene tauni imathera. Madambo a mchere anawatsinzinitsa maso. Nyanja itasowa kumanzere n'kutulukira kumanja, anandigwira mkono.

"Yadutsa pati?"

"Ndi ina, Amayi. Kapena ndi yomweyo. Dzikoli ndi lopyapyala."

Kunzimbe basi inathamanga. Msewu wowongoka, wosalala, wopanda pogwedeza munthu. Anthu anagona. Amayi anati msewu wabwino. Ine ndinayang'ana pansi mpaka tinayamba kukwera phiri. Pamwamba mitambo inalowa pawindo. Amayi anaikupa ndi dzanja ngati utsi.

"Ndiye dziko lonseli linali kuseri kwa khonde langa?"

Patsinde pa phiri tinasintha basi. A Chikwekwe atamva kuti awa ndi ndani, anataya nzimbe, anachotsa pilo wawo n'kuwaikira Amayi pampando wa kutsogolo. Anayendetsa atatukula khosi. Pa kona ija sanalize hutala. Anangoima, n'kuzimitsa injini.

Gulu lonse linali pomwepo. Zikhomo zatsopano zinali zitakhomedwa, chingwe choyera chikuzungulira. Kona ya Mayi Ntonya inali yokongola, koma inadya malo. Kuti basi izikhota bwino, msewu unafunika kukula, ndipo chingwe chinadutsa pafupi kwambiri ndi dothi lofiira lija.

Amayi anakana dzanja langa. Anayenda ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, mpaka padothipo. Anyamata anavula zipewa.

"A Gwirize, ndine. Ndachedwa, ndikudziwa. Nanunso simunanene bwino kumene mukupita." Anandiloza ndi ndodo. "Uyu ndi uja munamusiya m'mimba. Taonani imvi. Wakuposani."

Anamasula chitenje chimodzi. Anachiyala paudzu, kumanzere kwa dothi lofiira. Anagwada movutikira. Kenako anagona chagada, manja pamimba.

"Amayi!"

"Ukukuwa chiyani? Ndikungoyesa."

Chingwe chinawadutsa pamwamba pa maondo. Chikhomo chimodzi chinali chitawagunda m'nthiti. Anadzutsa mutu, anayang'ana chingwecho, anayang'ana anthu.

"Mwini chingwe ndani?"

"Ndine, agogo," anatero Mayi Ntonya.

"Mwana wanga, chingwe chanuchi chikundidula miyendo. Mwayeza malo a munthu mmodzi. Tilipo awiri."

"Agogo, ndinanena kale kuti ndikakhoma sindisinthanso."

"Munanena kwa ine?"

Kutali, kumlatho, katapila inkamveka ikubangula. Mayi Ntonya anayang'ana buku lawo. Anayang'ana msewu mbali zonse ziwiri, akuwerenga chamumtima, milomo ikugwedera. Anaika buku m'thumba. Anawerama, anagwedeza chikhomo chija, anachizula ndi manja awo. Anabwerera nacho m'mbuyo, chingwe chikuwatsata. Phazi limodzi. Lachiwiri. Lachitatu.

"Apa pakwana?"

"Onjezani pang'ono. Ine pogona ndimatembenuka."

Anaonjeza phazi lina. Analoza pansi, n'kundipatsa hamala.

"Khomani, madala. Zinazo tiyezanso."

Ndinakhoma. Chikhomo chinalowa bwino. Nditamaliza ndinapita kukawadzutsa Amayi, chifukwa udzu unali wonyowa ndipo basi inkadikira. Anali atatseka maso. Dzanja limodzi linali padothi lofiira.

"Tiyeni, Amayi. Muzizidwa."

"Tandisiya kaye," anatero osatsegula maso. "Ndangofika kumene."